Ndinapita ku Limbe kukagula Baibulo la Chipwitikizi, ndinabwerako ndi la Chisipanishi

Abale, ena mwa inu munandiona pa maliro ku Bangwe mwezi watha nditanyamula Baibulo lakuda lija mkumandifunsa kuti kodi achimwene mwalowa mpingo wina, ndiye ndinalonjeza kuti ndidzalemba nkhani yake yonse, lero ndapeza mpata. Ndilemba za bukulo komanso za kashopu komwe ndinaligula chifukwa ziwirizi zinabwera limodzi.

Apongozi anga aamuna kwawo ndi ku Mozambique, mbali ya ku Moatize, anabwera kuno nthawi ya nkhondo ija anthu ankathawira ku Mwanza ndi ku Nsanje, ndiye sukulu yomwe anaphunzira yonse inali ya m'Chipwitikizi. Chichewa amayankhula bwinobwino ngati ine ndi inu koma pa kuwerenga amamasuka ndi Chipwitikizi basi. Baibulo lawo lakale linanyowa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 denga litasasuka, masamba anamatirirana kukhala ngati chigumu, tinayesa kuliyanika pa dzuwa koma zinakanika. Chichokereni nthawi imeneyo amangomvera wina akamawerenga, ndipo zimandipweteka kuona munthu wamkulu amene amadzuka 4 koloko kuwerenga Masalimo akungokhala pa khonde manja ali pa mawondo.

Ndiye Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Limbe. Kuseri kwa msika kuli kashopu ka mabuku akale, aja amabwera m'mabelo ngati kaunjika, mumapeza ma novel, mabuku a unamwino, madikishonale opanda chikuto, mabuku a ana, zonse zili mulu umodzi mpaka kudenga. Dzina la shopuyo sinditchula. Ndinapeza mnyamata, ndikuti achimwene muli ndi Baibulo la Chipwitikizi? Iye osaganiza nkomwe, akuti lilipo bwana, lenileni, anakwera pa kampando mkutsitsa buku lakuda lafumbi, analipukuta ndi malaya ake. Pachikuto panalembedwa Santa Biblia ndi zilembo zagolide zomwe zinayamba kufufutika, pamsana pake Reina-Valera 1960. Anayamba ndi K12,000, tinakambirana mpaka K9,000, lisiti kunalibe ndipo inenso sindinafunse.

Madzulo ndinawapatsa bambo, apongozi aja, ndi manja awiri, anavala magalasi awo, anatsegula pakati penipeni monga amachitira anthu odziwa pomwe pali Masalimo, anapita pa 23 mkuwerenga mokweza pang'onopang'ono, Jehová es mi pastor; nada me faltará. Anakhala kaye chete kenako akuti mwananga, ichi ndi Chisipanishi. Kumva ndikumva ndithu koma si chathu ayi, chathu pachikuto amalemba Bíblia Sagrada ndipo vesi iyi imati O Senhor é o meu pastor, nada me faltará. Mukaona bwino mbali yomalizayo ndi yofanana ndendende m'zilankhulo zonse ziwiri, nchifukwa chake mnyamata uja sindimuimba mlandu kwambiri, komabe munthu ukamagulitsa chinthu chomwe sukuchidziwa bola kunena kuti sindikudziwa bwana, tsegulani muone nokha.

Lolemba ndinabwereranso. Apa ndi pomwe shopuyo inandigulira mtima. Ndinapeza mwini wake, mayi wachikulire ndithu, ndinafotokoza, ndipo ngakhale ndinalibe lisiti sanachite makani, anati pepani bambo, mwanayu ndi watsopano, ndalama zanu ndi izi kapena mutisiyire nambala tikusakireni la Chipwitikizi. Ndinasiya nambala. Koma buku lija nditalibweza pa kauntala dzanja linakana kulisiya, chifukwa Lamlungu lonse ndinali ndikulitsegula pamodzi ndi Buku Lopatulika langa ndipo ndinaona kuti ndikutha kutsatira. Ndinati mayi ili ndisunga. Patatha masabata atatu anandiimbiradi foni kuti la Chipwitikizi lapezeka mu belo latsopano, lomasulira la João Ferreira de Almeida lomwe bambo ankafuna, ndipo anandichotsera mtengo chifukwa cha zovuta zija. Ndiye pa nkhani ya shopu ndinena kuti pitani, mabuku alipo ndipo mayiwo ndi achilungamo, koma tsegulani buku muliwerenge musanapereke ndalama, ndipo pemphani lisiti.

Tsopano za Baibulolo. Chomwe chinandikoka poyamba ndi dzina lija la pamsana. Bambo ankati mwina ndi Baibulo la mfumukazi, poti reina m'Chisipanishi ndi mfumukazi, monga muja a Chingerezi ali ndi la King James. Ndinagula bandulo ya usiku kuti ndifufuze, mpaka ndinagona 2 koloko. Si mfumukazi ayi, ndi anthu awiri, Casiodoro de Reina ndi Cipriano de Valera, onse anali amonke a Katolika ku nyumba ya amonke ya San Isidoro del Campo kufupi ndi mzinda wa Sevilla ku Spain, womwewu wa timu ya mpira ija. Ndipo nkhani yawo ndi yoti ukaimva sungagwirenso bukuli ngati buku wamba la mu belo.

Iwowa sanali oyamba. Munthu woyamba kumasulira Chipangano Chatsopano chonse kuchokera ku Chigiriki kupita m'Chisipanishi mkuchisindikiza anali Francisco de Enzinas wa ku Burgos, mnyamata wa zaka za m'ma 20 yemwe anakaphunzira ku Wittenberg ku Germany kwa Martin Luther ndipo ankakhala m'nyumba ya Philip Melanchthon, mnzake wa Luther. Buku lake linasindikizidwa ku Antwerp mu 1543. Mnyamatayu anali wolimba mtima zedi, anatenga kope limodzi mkukalipereka yekha m'manja mwa mfumu yaikulu Charles V ku Brussels poganiza kuti mfumu ikaliona ilola kuti anthu aziwerenga. M'malo mwake anamumanga, anakhala m'ndende kupitirira chaka mpaka anathawa mu 1545. Kenako mu 1553 Ayuda omwe makolo awo anathamangitsidwa ku Spain anasindikiza Chipangano Chakale m'Chisipanishi chawo ku Ferrara ku Italy, mawu ndi mawu kutsatira Chiheberi, ndipo Reina anadzaligwiritsa ntchito kwambiri bukuli. Mu 1556 Juan Pérez de Pineda anatulutsa Chipangano Chatsopano china ku Geneva, mzinda wa Apulotesitanti, koma pa tsamba loyamba analembapo kuti chasindikizidwa ku Venice kuti chidutse mosavuta, poti dzina la Geneva lokha linali lokwanira kuti buku liotchedwe.

Ndiye pali kamunthu kena komwe kanandigwira mtima kuposa onse, Julián Hernández, ankamutchula Julianillo chifukwa anali wamfupi wochepa thupi. Ntchito yake inali yonyamula mabukuwa kuchokera ku Geneva mpaka ku Sevilla mobisa, nkhani imati ankawabisa m'migolo. Ganizirani mtunda umenewo wopanda galimoto, kudutsa malire ndi alonda, mutanyamula katundu woti akakupezani naye ndi imfa. Mu 1557 anamugwira, anakhala m'ndende zaka zitatu akuzunzidwa ndi bwalo la milandu ya chipembedzo lotchedwa Inquisition, ndipo mu December 1560 anamuotcha ku Sevilla. Iye sanamasulire vesi ngakhale imodzi, anali wonyamula chabe, ngati anyamata athu a zibanduzi aja a mu msika wa Limbe, koma popanda iye mabukuwo akanangowunjikana ku Geneva.

Chaka chomwecho cha 1557 zinthu zitayamba kutentha, amonke pafupifupi 12 a ku San Isidoro anathawa, Reina ndi Valera ali momwemo, ndipo anakakumana ku Geneva. Anzawo ena omwe anatsala anaphedwa. Mu 1559 mkulu wa Inquisition Fernando de Valdés anatulutsa mndandanda wa mabuku oletsedwa ndipo Baibulo la m'chilankhulo cha anthu wamba linali momwemo, lololedwa linali la m'zilankhulo za ophunzira monga Chilatini. Mu 1562 poti Reina sanamugwire, anapanga chidole chofanana naye mkuchiotcha pa bwalo ku Sevilla.

Apa ndiime kaye chifukwa ndikudziwa kuti pali abale a Katolika omwe awerenge izi, mayi anga ondibereka nawonso ndi a Katolika. Sindikulemba kuti ndinyoze mpingo wa wina. Nthawi imeneyo moto unali mbali zonse. Reina yemweyo atafika ku Geneva kwa John Calvin, mtsogoleri wa Apulotesitanti kumeneko, sanakhazikike mtima, chifukwa mu 1553 mzinda umenewo, wa Apulotesitanti, unali utaotcha Michael Servetus, munthu wa ku Spain mnzake, pa nkhani ya chiphunzitso cha Utatu. Reina zimenezi zinamunyansa ndipo sanabise, ndiye anthu a ku Geneva anayamba kumukayikira moyo wake wonse. Munthu anathawa moto kwawo mkukapeza phulusa la moto wina komwe anathawira. Ichi ndi chimene chinandipangitsa kumukonda Reina, sanali wa gulu, anali munthu woti chinthu chikalakwika amati chalakwika kaya achita ndi a mbali yake.

Anapita ku London nthawi ya mfumukazi Elizabeth I, anayamba kampingo ka anthu othawa ku Spain, anakwatira. Akazitape a mfumu Philip II ya ku Spain anali pambuyo pake, kenako kunabuka milandu yonyansa yomunamizira, anathawanso ndi mapepala ake kupita ku Antwerp, kenako Frankfurt komwe ankadyetsa banja ndi bizinesi ya nsalu za silika, uku usiku akumasulira. Patapita zaka anabwerera ku London kukayankha milandu ija ndipo anamupeza wosalakwa. Ntchito yomasulira inamutengera zaka pafupifupi 12 ali pa ulendo chonchi. Ndipo atamaliza mavuto sanathe, wosindikiza woyamba ku Basel, Johannes Oporinus, anamwalira mu 1568 ali ndi ngongole zambiri ndipo ndalama zomwe anali atapatsidwa kale zinapita. Amene munayamba mwaperekapo dipoziti kwa mmisiri kenako mmisiriyo mkumwalira mukudziwa ululu wake. Anasonkhanso ndalama zina, ndipo mu 1569 Thomas Guarin anasindikiza makope 2,600 ku Basel komweko. Limeneli ndiye Baibulo loyamba lathunthu losindikizidwa m'Chisipanishi lomasuliridwa kuchokera ku Chiheberi ndi Chigiriki.

Amalitchula Biblia del Oso, Baibulo la chimbalangondo, chifukwa pa tsamba loyamba pali chithunzi cha chimbalangondo chitaimirira ndi miyendo iwiri chikufuna uchi mu mphako ya mtengo, njuchi zikuuluka. Ndinachiona pa foni chithunzicho, m'munsi mwake muli mawu a pa Yesaya 40:8 m'Chiheberi ndi m'Chisipanishi, aja akuti mawu a Mulungu wathu adzakhala chikhalire. Dzina la Reina pa tsambalo palibe. Iye anamwalira ku Frankfurt mu 1594 ali m'busa wa mpingo wa Lutheran, kwawo ku Spain sanapondekonso.

Valera yekha anakhazikika ku England, anaphunzira ndi kuphunzitsa ku Cambridge, iyeyu ndiye anali wa Calvin weniweni mpaka anamasulira buku lalikulu la chiphunzitso la Calvin m'Chisipanishi. Anatenga ntchito ya mnzake uja mkukhala nayo zaka 20 akuikonza, anayamba ali ndi zaka 50 mkumaliza ali ndi 70, ndipo inatuluka ku Amsterdam mu 1602. Ilonso lili ndi dzina la chithunzi, Biblia del Cántaro, Baibulo la mtsuko, poti pali anthu awiri, wina akudzala mtengo wina akuthirira ndi mtsuko, kuchokera pa 1 Akorinto 3 paja Paulo akuti ine ndinaoka, Apolo anathirira, koma Mulungu ndiye anakulitsa. Mawu a Reina sanawasinthe kwambiri, chachikulu anasintha ndemanga za m'mbali ndi malo a mabuku aja owonjezera omwe abale a Katolika ali nawo, monga Tobiti ndi Amakabeo, Reina anawasiya osakanikirana ndi ena a Chipangano Chakale pomwe Valera anawasonkhanitsa pakati pa zipangano ziwiri. Izi zinandidabwitsa, ine ndinkaganiza kuti Baibulo la Apulotesitanti linali la mabuku 66 kuyambira pachiyambi, koma ayi, anadzawachotsa ndi mabungwe a Baibulo cha m'ma 1800. Langali lili ndi 66, ndinawerenga.

Chomvetsa chisoni nchakuti kwa zaka pafupifupi 200 anthu omwe anawalembera bukuli sankatha kuliwerenga. Ku Spain chiletso chinachotsedwa mu 1782 ndipo Baibulo loyamba la Chisipanishi kusindikizidwa m'dzikomo linali la wansembe wa Katolika Felipe Scío de San Miguel, ku Valencia cha m'ma 1790, lochokera ku Chilatini. Ngakhale mabungwe a Apulotesitanti poyamba ankagawa la Scío lomwelo, George Borrow wa bungwe la Baibulo la ku Britain anasindikiza Chipangano Chatsopano cha Scío ku Madrid mu 1837 mkumayenda nacho pa hatchi m'midzi. La Reina ndi Valera linadzadzuka pambuyo, analikonzanso mu 1862 ndi mu 1865, kenako 1909, ndipo komwe linamera mizu kwenikweni ndi ku Latin America, Mexico, Guatemala, Peru, Chile ndi kwina. Kumenekonso sizinali zophweka, Francisco Penzotti yemwe ankagulitsa Mabaibulo anatsekeredwa m'ndende ku Callao ku Peru kuyambira 1890 mpaka 1891.

La 1960 lomwe ndili naloli ndi lomwe mipingo yambiri ya chipulotesitanti yolankhula Chisipanishi imagwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo apa ndi pomwe ndinayamba kuona ngati ndikuwerenga nkhani ya kwathu konkuno. Ife tili ndi Buku Lopatulika la 1922 lomwe William Murray wa mishoni ya Nkhoma anatsogolera pamodzi ndi anzake ndi aphunzitsi achimalawi, ndipo asanatero David Clement Scott, yemwe anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni pano pa Blantyre, anali atayamba kale kumasulira m'Chimang'anja. Mu 1998 kunabwera Buku Loyera lomwe Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi, Chichewa chake chomveka bwino kwambiri, koma pitani pa maliro alionse mumve chomwe akulu a mpingo awerenge. Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa. Mukawerenga kuti Chauta ndiye mbusa wanga agogo ena amadzutsa mutu kuti kodi mwanayu akuwerenga chiyani. Ku Chisipanishi ndi chimodzimodzi ndendende. Reina anasankha kulemba dzina la Mulungu kuti Jehová, ndipo la 1960 linasunga, pomwe mabaibulo atsopano ambiri, ngakhale Reina Valera Contemporánea ya 2011, amalemba Señor, kutanthauza Ambuye. Alinso ndi Dios habla hoy ya 1979 yomwe ili ngati Buku Loyera lawo, ya mawu a tsiku ndi tsiku, ndi Nueva Versión Internacional ya 1999, komanso Reina-Valera yomweyo anaikonzanso mu 1995, koma anthu amabwererabe ku 1960 chifukwa ndi mawu omwe anabatizidwa nawo ndi omwe anaikira makolo awo m'manda.

Kusiyana kwake nkwakuti lathu anatibweretsera ndi alendo boma likuonerera, pomwe lawo analemba ndi eni chilankhulo ali kunja kothawira, zaka zoposa 350 lathu lisanatuluke. Ndipo iwo mayina a omasulira ali pamsana pa buku mpaka lero, pomwe aphunzitsi achimalawi omwe anakhala pansi ndi Murray kusankha mawu, ambiri a ife sitingatchule ngakhale mmodzi. Izi zimandiwawa ndithu.

Ubwino waukulu wa bukuli kwa munthu wa kuno ndi uwu, ngati munakula ndi Buku Lopatulika ndipo muli ndi mavesi pamtima, mukhoza kuyamba kuwerenga Chisipanishi tsiku lomwelo. Mabuku awiriwa amayenda mofanana, onse amatsatira chiganizo cha Chigiriki ndi Chiheberi phazi ndi phazi. Yohane 3:16 akuti Porque de tal manera amó Dios al mundo, que ha dado a su Hijo unigénito, ife timati Pakuti Mulungu anakonda dziko lapansi kotero, kuti anapatsa Mwana wake wobadwa yekha. Ukangoika chala apa china apo umaona wekha kuti porque ndi pakuti, mundo ndi dziko, Hijo ndi Mwana. Pomwe Ambuye akuti indetu, indetu, iwo akuti de cierto, de cierto. Pomwe ife timati taonani iwo amati he aquí. Katchulidwe kakenso kwa ife nkosavuta kuposa Chingerezi, a e i o u amatchula monga momwe timatchulira m'Chichewa, osasintha, ñ uja wa kamzere pamwamba ndi ny wathu wa mu nyama, ch ndi yemweyu wa mu chala, h samveka konse, j ndiye amatulukira kukhosi. Ine ndimawerenga mutu umodzi m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito, ndinayamba ndi Marcos poti ndi wamfupi, kope la sukulu pambali ndikulemba mawu atsopano, panopa masamba 30 adzadza.

Kena kanandisokoneza masiku awiri, ndinkasaka buku la Yakobo osalipeza, ndinaganiza kuti masamba anathothoka. Lilipo, amalitchula Santiago. Chivumbulutso ndi Apocalipsis, Machitidwe ndi Hechos.

Zofooka zilipo ndipo ndizinena. Choyamba musagule bukuli poganiza kuti likuphunzitsani Chisipanishi chogulira tomato. Ndi chilankhulo cha pa guwa. Ku ntchito kwathu kunabwera mtsikana wa ku Colombia wodzathandiza miyezi itatu, ndinamuwerengera ndime ina ndipo anasangalala mpaka misozi inalengeza, akuti ndi mmene agogo ake amawerengera, koma anandiuza kuti vosotros uja ali paliponse m'bukuli, kutanthauza inu ambiri, kwawo palibe amene amamunena, onse amati ustedes, ndi ku Spain kokha komwe akadalipo pa msewu. Chimodzimodzi mas m'malo mwa pero, onse kutanthauza koma. Zili ngati mzungu aphunzire Chichewa mu Buku Lopatulika lokha mkukalowa mu minibasi ya ku Ndirande akunena kuti indetu ndinena ndi iwe, anthu amumva koma adziwa komwe waphunzira. Ndiye pamafunika china chapambali, kaya app ya pa foni kaya munthu woyankhula naye.

Chachiwiri, pali malo ena omwe ndikuona kuti okonzanso a pambuyo anachoka pa zomwe Reina anachita bwino. Yohane 1:1 la 1960 likuti En el principio era el Verbo, mawu oti Verbo ndi otengera ku Chilatini ndipo m'Chisipanishi cha lero munthu wamba akamva verbo amaganiza za mneni wa mu galamala. Reina mwini wake mu 1569 analemba la Palabra, Mawu, monga ife timanenera kuti pachiyambi panali Mawu, mawu omwe mwana aliyense amawadziwa. Munthu amene anaika moyo wake pachiswe kuti anthu wamba amve, mkudzamuikira mawu a ophunzira pakamwa, ine sindikugwirizana nazo. Komabe kunena chilungamo a 1960 anakonzanso zambiri bwino, la 1909 pa 1 Akorinto 13 linkati caridad, mawu omwe lero amamveka ngati kupereka thandizo kwa osauka, iwo anaika amor, chikondi. Linkatinso salud pomwe likunena za chipulumutso, koma salud lero ndi thanzi, ndiye vesi ya Machitidwe 4:12 inkamveka ngati ikunena za ku chipatala, anaika salvación.

Chachitatu ndi kope lenilenili. Zilembo ndi zazing'ono kwambiri, magetsi akazima ndi kandulo simungawerenge, ine ndimachita kuunikira ndi tochi ya foni. Pepala ndi lopyapyala moti zolemba za kuseri zimaonekera, ndipo guluu wa pamsana wayamba kusiya pakati pa Malaquías ndi Mateo, ndinapita nalo kwa bambo wina womata mabuku pafupi ndi positi ofesi anandisokera ndi ulusi pa K2,000, panopa lalimba. Koma chomwe chimandiwawa kuposa zonsezi nchakuti mulibe ngakhale tsamba limodzi lofotokoza kuti anthu awiriwa anali ndani. Pa tsamba loyamba pangolembedwa kuti ndi lomasulira lakale la Casiodoro de Reina 1569, lokonzedwanso ndi Cipriano de Valera 1602, ndi zaka za kukonzanso kwina, basi. Za Sevilla, za migolo ya Julianillo, za chidole chootchedwa, palibe. Mapu a maulendo a Paulo aliko kumapeto koma ulendo wa bukuli kulibe.

Ena andiuza kuti bwanji osangotsitsa pa foni, ndi laulere. Zoona, ndipo ndinatsitsa, la 1909 ndi la 1960 onse ali pa foni panga ndipo nkomwe ndimafananitsira mavesi ndatchulawa. Koma foni imatha moto, imalowa ma meseji a gulu la ku ntchito pakati pa Salimo, ndipo ilibe chomwe ndinapeza m'kope ili. Kutsogolo kuli tsamba lija la mbiri ya banja, mwini wake woyamba analembamo ndi bolopeni ya buluu masiku obadwa a ana anayi ndi tsiku limodzi la imfa, malo analemba Texas. Salmo 91 yonse ndi yopakidwa chikasu ndipo pepala lake ndi lakuda ndi zala kuposa masamba ena onse, pakona pake linang'ambika mkulimata ndi selotepi. Sindikufufuta chilichonse, ana anga ndawalemba m'munsi mwa ana akewo.

Madzulo ambiri tsopano timakhala pa khonde ndi bambo, iwo ndi Almeida wawo, ine ndi Reina-Valera, mayi a kunyumba ndi Buku Lopatulika akamaliza za ku khitchini, vesi imodzi katatu. Bambo ndi amene amandikonza katchulidwe ngakhale amakokera ku Chipwitikizi, ndipo dzulo tinakangana mphindi 20 pa mawu oti misericordia ngati ali chifundo kapena chisomo, iwo anapambana, ndi chifundo, chisomo ndi gracia. Mayi a ku shopu kuja ndawasiyira uthenga kuti likadzatuluka la 1909 mu belo lililonse andisungire, ngakhale litang'ambika chikuto.